Setilaiti ya a Saulosi pa Denga la ku Pinetown

Aliyense amene adafunako geti kapena zitsulo za m'mawindo ku Pinetown zaka zapitazi angawakumbuke a Saulosi Kalinde. Ankawotcherera zitsulo m'kontena yobiriwira, kuseri kwa malo ogulitsira matayala, pafupi ndi pokwerera matakisi opita ku Durban. Adali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo malaya awo onse adali ndi timabowo ta moto. Makasitomala ankawaitana kuti Sol. Chizulu ankachiyankhula ngati adayamwa nacho, ndipo m'takisi foni ikaitana ankangoidula, kuopa kuti angamveke Chichewa.

A Saulosi sadabadwire ku Malawi. Bambo awo adachoka ku Dedza ali mnyamata, nayenda wapansi mpaka ku Mazowe m'dziko la Zimbabwe, kumene adakathera moyo wawo akuthyola malalanje pa famu ya mzungu. Kumeneko ndi kumene a Saulosi adabadwira ndi kukulira, akuyankhula Chichewa pakhomo ndi Chishona kusukulu. Anzawo ankawanyoza kuti mubwidi, kutanthauza munthu wobwera, wopanda kwawo. Atakula nakatenga chitupa, adapeza kuti adindapo mawu oti ndi mlendo, ngakhale kuti mchombo wawo udagwera pa dothi lomwelo. Famu ija itasintha manja, mabanja a antchito adabalalika, ndipo iwo adatsetsereka mpaka ku Durban. Kuno adakwatira a Esnat, mayi wa ku Thyolo amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Queensburgh, nabereka mwana mmodzi, Sharon, yemwe ankaphunzira kwa agogo ake ku Malawi.

Masana aliwonse a Saulosi ankakadyera pa khonde la a Abasi, telala wa ku Mangochi amene adali ndi kashopu kake tsidya lina la msewu. Pamenepo pankabweranso Anderson, makaniki wa ku Harare, wamng'ono kwa iwo pa zaka koma wakuthwa pakamwa. Atatuwa ankayankhula Chichewa motsitsa mawu, Anderson akuchiphwanya ndi Chishona chake.

Tsiku lina mu Novembala wa 2022, a Saulosi adafika pakhondepo foni ili m'manja, chakudya ataiwala kukontena.

"Mwamva? Zimbabwe yaponya setilaiti yake yoyamba. Yapita kumwamba. Ndipo uthenga wake azikaulandirira ku Mazowe, kwathu kwenikweni, pomwe pali madishi akuluakulu aja ndinkawaona ndili mwana."

A Abasi adachotsa singano pakamwa, natenga foniyo, naiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, kameneka? Kakuchepera pa buledi. Ine ndimayesa mukunena chinthu ngati basi. Ndiye apa alemba kuti akapangira ku Japan, ndipo roketi yake ndi ya ku America. Nanga cha Zimbabwe n'chiyani pamenepa? Munthu akabwereka suti yanga kupita nayo kuukwati, suti ija yasanduka yake?"

"Amene akapanga ndi ana a ku Zimbabwe," adatero a Saulosi. "Adapita kukaphunzira komweko, n'kukapanga ndi manja awo. Inu makina anuwa adachokera ku China. Malaya mukusokawa ndi a ku China?"

Anderson sadaseke. Adapukuta manja pa ovolosi, nayankhula ali chogwetsa nkhope.

"Mdala, kulibe chimene chapita kumwamba. Chisankho chayandikira, ndiye akufuna tiziyang'ana m'mitambo tisaone maenje a mumsewu. Mayi anga adamwalira m'chipatala chopanda ngakhale panado. Ndipo ngakhale katakhala kuti kapitadi, inu mukusangalala ngati ndani? Si inu adakulembani pa chitupa kuti ndinu mlendo? Lero mukuwaombera m'manja?"

A Abasi adabwerera pa makina awo. A Saulosi adabweza foni m'thumba, nayimirira.

"Boma sindikuliombera m'manja, mwana iwe. Boma silidakwere roketi. Bambo anga ali m'manda ku Mazowe. Adathirira dothi lija ndi thukuta mpaka msana udapindika. Chilichonse chotuluka m'dziko limenelo, chabwino kapena choipa, ine ndili ndi gawo. Adandimana chitupa cha nzika, koma ichi sandimana. Ndipo iwenso sundimana."

Adachoka osadya. Madzulo a tsiku lomwelo adasiya geti la kasitomala lili theka, natola zidutswa za malata ndi zitsulo zotsala. Adaika chithunzi cha pa foni patsogolo pawo, nayamba kudula. Kabokosi kenikeni kaja akuti kangakwane pachikhatho, koma kawo adakakulitsa mpaka kufanana ndi kireti ya zakumwa, nalumikizako mawaya aatali otuluka m'mbali. Adakapaka mitundu ya mbendera ya Zimbabwe. Kenaka adawotcherera mzati pa denga la kontena, nakakhazika pamwamba pake, pomwe aliyense wotsika takisi akadakaona. Pansi pake adapachika chikwangwani cha zilembo zoyera: YATHU ILI KUMWAMBA.

Mawuwo adali a Chichewa, pamsewu umene anthu a ku Malawi ankadutsapo atatseka pakamwa.

A Esnat adachiona chinthucho Loweruka, akuchokera ku ntchito. Adaima m'mphepete mwa msewu, chikwama chili m'manja, kenaka adalowa m'kontenamo natseka chitseko.

"Bambo a Sharon, mwapenga? Mukufuna atiwotchere muno?"

"Ndi chitsulo chabe, mayi a Sharon."

"Chitsulo sichiyankhula Chichewa. Icho chikuyankhula. Zaka zonsezi takhala bwino chifukwa sitidzionetsera. Ine m'takisi ndimadziyesa wosalankhula. Lero inu mwakwera padenga kukalengeza kuti kuno kuli obwera. Chifukwa cha kabokosi komwe ngakhale inuyo simudakaone ndi maso?"

"Takhala bwino?" adafunsa a Saulosi. "Mlongo wanu adaimba foni tsiku lija mayi akudwala, inu n'kudula chifukwa mudali pa mzere wa takisi. Kumeneko ndiye kukhala bwino? Ine ndatopa. Ku Mazowe ndinkabisa Chichewa kuti asanditche mubwidi. Kuno ndikubisa kuti asanditche kwerekwere, dzina lawo lonyozera obwera. Ndafika zaka za imvi ndikubisabe. Ndidzayankhula liti, m'bokosi?"

A Esnat adakhala pa ndowa yovundikira, napukuta m'maso ndi nsonga ya duku. Atadzuka adangoti, "Chikakuonekerani musadzati sindidanene."

Masabata oyamba padalibe choopsa. Ana a sukulu ankaima n'kumaloza. Oyendetsa matakisi ena adayamba kuwaitana kuti a Setilaiti. Mnyamata wina wa ku Nsanje, wogulitsa masokosi, adalowa m'kontenamo tsiku lina, nanong'ona kuti, "Bambo, ndawerenga chikwangwani chanu," kenaka n'kutuluka osagula kanthu. Amalawi ena adayamba kudutsira njira ina, kuopa kuoneka pafupi ndi malowo. Mkangano wa pakhonde la a Abasi ndiye udakula. Wokonza magalasi a galimoto wa pafupi pomwepo, Mzulu wansangala, adalowererapo nati dziko la South Africa lidaponya yake kalekale, zaka za m'ma naintini. A Saulosi adavomera, koma adamuuza kuti nayonso idanyamulidwa ndi roketi ya eni ake, ndipo palibe adaitcha ya ku America. Munthuyo adati zimenezo akafufuza, ndipo sadabwerenso ndi yankho.

Kumayambiriro kwa Disembala padatuluka kanema woonetsa timabokosi tikutulutsidwa pa siteshoni ya mumlengalenga, tikuyandama pamwamba pa mitambo. A Saulosi adathamangira naye kwa Anderson, yemwe adali pansi pa galimoto.

"Tuluka uone. Ako kakupita."

Anderson adasuzumira, naonera mpaka kumapeto.

"Kanema ngati ameneyo mwana wa fomu thu atha kupanga pa kompyuta. Mbendera ili kuti? Mwaonapo dzina la Zimbabwe? Mdala, mundisiye ndigwire ntchito."

"Ukana mpaka liti?"

"Mpaka katagwera pamutu pangapa."

Zovuta zidabwera chaka chatsopano chitangoyamba. Lidali Lachitatu, dzuwa lili paliwombo. Gulu la amuna lidabwera likuyenda shopu ndi shopu, likufunsa mapepala a anthu obwera. Ena adanyamula zibonga. A Abasi atangowaona patali adatsitsa chitseko cha shopu yawo nadzitsekera m'kati. Gululo litafika pa kontena, mtsogoleri wake, mwamuna wamtali wovala chipewa chofiira, adaloza padenga ndi chibonga.

"Ichi n'chiyani? Mbendera ya dziko lina pa nthaka yathu? Ndipo mawuwa akuti chiyani?" adafunsa m'Chizulu.

A Saulosi adazimitsa makina, nakweza chigoba cha kumaso. Adawerenga mawuwo mokweza m'Chichewa, pang'onopang'ono, kenaka n'kuwamasulira m'Chizulu. Adatulutsa mapepala awo nawaonetsa. Munthuyo sadawayang'ane n'komwe.

"Tsitsa."

"Sinditsitsa. Sichidatsekereze msewu, sichidabe ntchito ya munthu. Geti la nyumba ya mayi anu mwina ndidawotcherera ndine. Mukafuna kuchitsitsa, kwerani nokha, koma dzanja langa silichikhudza."

Awiri adakwera. Adachigwedeza, koma mzati udakana, poti udawotchereredwa ndi munthu wodziwa ntchito. Adachimenya ndi zibonga mpaka malata adaphwanyika, mawaya n'kuthyoka. Wina adazula chikwangwani nachiponya pansi. A Saulosi adawerama kuti achitole, ndipo pomwepo chibonga chidawagwera pa dzanja lamanzere. Adagwada, koma chikwangwanicho sadachisiye. Adachikumbatira pachifuwa, akutukwana m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chizulu, mpaka gululo lidatopa nalowera kumsika.

A Abasi ndiwo adawaperekeza ku kiliniki. Ali pa benchi yodikirira adati, "Achimwene, ine ndidatseka chitseko. Ndili ndi ana."

"Mudachita bwino. Nkhondoyi ndidaiputa ndine."

"Ndiye mwaphunzirapo?"

"Ndaphunzira. Malata aja adali opyapyala."

Zala ziwiri zidathyoka. A Esnat adafika ku kiliniki atavala yunifolomu ya kuntchito. Sadalire, sadakalipe. Adayang'ana bandejiyo, nafunsa namwino za mankhwala, natenga amuna awo kupita kunyumba. Kwa masiku angapo ankawaphikira ndi kuwasambitsa dzanjalo osawayankhulitsa. Tsiku lina m'mawa, akumanga nsapato, adati:

"Ndikudziwa kuti mukapanganso. Ndakhala nanu zaka zambiri, ndikukudziwani. Ndingopempha chimodzi. Sharon asamve kuti mudamenyedwa. Akulemba mayeso chaka chino."

Dzanja lisadapole bwino, a Saulosi adabwerera kukontena. Ulendo uno adagula chitsulo chochindikala, chija amapangira zitseko za malo osungiramo katundu. Ankagwira ndi dzanja limodzi, lina likungothandizira, ndipo ntchito ya tsiku limodzi idawatengera sabata yathunthu. Kabokosi katsopanoko kadali kolemera moti munthu mmodzi sakadakanyamula. Mawu aja sadawalembenso ndi penti. Adawawotcherera pa chitsulo chenichenicho, chilembo ndi chilembo.

Asadakakweze, mwini malowo adabwera. Adali MaNgcobo, mayi wamasiye amene ankabwereketsa makontena onse a pamzerewo. Adakhala pa mpando, nayang'ana chitsulocho, napumira m'mwamba.

"Sol, mwana wanga, sudandivutitsepo. Koma anthu aja adabwera kunyumba kwanga. Akuti chikakweranso awotcha mzere wonse. Muli anthu ena m'makontenamu, ali ndi mabanja. Chisiye pansi, uchivundikire, ukhale. Ukachikweza, uchoke. Eish, sindikufuna uchoke."

"Mama, ndakumvani, ndipo sindikukwiyirani. Sindingaotchetse katundu wa anzanga. Koma kuchivundikira sindingathe. Ndichoka."

MaNgcobo adapukusa mutu. "Kodi chinthu chimenechi chilikodi kumwambako?"

"Chiliko, Mama."

"Mdzukulu wanga akuti ndi bodza."

"Ambiri akutero."

Malo adawapeza ku Verulam, pa bwalo la a Kasim, mkulu wina wa ku Machinga amene ankagula zitsulo zakale. A Kasim adamva nkhani yonse, nati za setilaiti iwo sadziwa ndipo safuna kudziwa, koma bwalo ndi lawo, mpanda ndi wawo, ndipo munthu atha kuimika chimene akufuna bola asatseke njira ya malole.

Vuto lidali galimoto yosamutsira katundu. Oyendetsa awiri adakana atamva kuti anyamulanso chitsulo chija. M'mawa wa tsiku losamuka, a Saulosi ali chikhalire pakati pa katundu wawo, padaima kalole kakale kofuka utsi. Adatsika Anderson.

"Kwezani, mdala. Ndili ndi ntchito masana."

Adakweza makina, matebulo ndi zitsulo. Pomaliza adanyamula kabokosi kaja anthu atatu, a Abasi akuthandiza uku akudandaula za msana. A Saulosi adatenga lona kuti akavundikire, poganiza kuti galimoto ndi ya mwini wake ndipo sibwino kumuika m'mavuto. Anderson adawalanda lonayo naiponya kutsogolo.

"Kaimikeni chilili. Mangani ndi chingwe, mawuwo ayang'ane kunja."

"Iwe si uja umati kulibe setilaiti?"

"Kulibe. Mpaka pano ndikuti kulibe. Ine ndanyamula chitsulo cha munthu amene adathyoledwa zala. Chimenecho ndidachiona ndi maso."

Njira yachidule idalipo, koma Anderson adakhotera pokwerera matakisi, nayenda pang'onopang'ono ngati galimoto ya ukwati. A Saulosi adaimirira kumbuyo, dzanja labwino litagwira chitsulo chawo. Ena adaseka, ena adaimba mluzu, wina adaponya chitini chomwe chidagunda tayala. Mwamuna wa chipewa chofiira uja adali pa ngodya akudya chimanga chootcha. Adawayang'ana, iwonso adamuyang'ana, mpaka kalole kadakhota.

Ku Verulam ntchito idayamba movuta. Makasitomala a ku Pinetown adatsala komweko, ndipo a Esnat adayamba kukwera matakisi awiri kuti akafike ku Queensburgh, zomwe sadasiye kuwakumbutsa amuna awo. Zala zija zidapola mokhota, moti chaching'onocho sichipindikanso. Koma kabokosi kadakwera pa mzati wautali pafupi ndi geti la a Kasim, ndipo pang'onopang'ono anthu adayamba kulozerana njira ndi iko. Wofuna geti ankauzidwa kuti atsike pa setilaiti. Amalawi ogwira ntchito m'mashopu a m'tauniyo ankabwera Lamlungu masana, n'kukhala pa matayala akale pansi pa mzatiwo, akucheza m'Chichewa mosatsitsa mawu. Ambiri mwa iwo sankakhulupirira n'komwe za setilaitiyo. Ena ankati ndi ya ku Japan, ena ankati n'zandale, ena ankafunsa kuti nanga Malawi adzaponya liti yake. A Saulosi ankakangana nawo onse, mmodzimmodzi, osatopa.

Patapita miyezi yambiri, a Abasi ndi Anderson adabwera kudzacheza. A Abasi adatsika galimoto akumwetulira, foni ili kale m'manja.

"Achimwene, pepani, tabwera ndi uthenga wa maliro. Anthu akulemba apa kuti kabokosi kanu kaja kadagwa. Akuti timabokosi totere sitikhalitsa, timatsika pang'onopang'ono n'kupsa tisadafike pansi. Katha. Phulusa lokhalokha."

"Ndidanena ine," adatero Anderson. "Chuma cha dziko chapsera m'mitambo."

A Saulosi adaika pansi chitsulo chimene ankayeza. Adamuyang'ana Anderson kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Wati chapsera kuti?"

"M'mitambo."

"Kagwa kuchokera kuti?"

A Abasi adayamba kuseka, nakhala pa tayala atagwira m'mimba.

"Chinthu chimene sichidakwere sichigwa, mwana iwe," adatero a Saulosi. "Chaka chonse wakhala ukundiuza kuti kulibe. Lero wawotcha mafuta kuchokera ku Pinetown kudzandiuza kuti kagwa."

"Sindidavomere kanthu ine. Ndangonena zimene alemba."

"Sharp. Ukavomera chaka chamawa. Pakali pano gwira uku, geti ili likufunika mawa m'mawa."

Anderson adang'ung'udza, koma adavula jekete nagwira chitsulocho. A Saulosi adatsitsa chigoba kumaso, nayatsa makina.